Nkhoswe Yobwereka

Mayi Jestina Kalilangwe anayamba kulowa pa bwalo la pa intaneti la anthu ofufuza makolo awo chaka chimene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Ankafuna mbiri ya agogo awo aamuna, amene anamva kuti ankagwira ntchito m'sitima ya amishoni. Sanaipeze. Anapeza anthu ena mazanamazana, a ku Zimbabwe, ku Joni, ku Zambia ngakhale ku Mangalande, aliyense atasiya uthenga pansi pa dzina la boma limene kholo lake linachokera. Pansi pa Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, panali mauthenga ambiri osayankhidwa. Mayi Jestina anaona kuti mwa onse olemba pamenepo, iwo okha, pokhala ku Mangochi komweko, ndi amene akanatha kutseka chitseko, kukwera kabaza, n'kukafunsa munthu pamaso. Ndiye sanachokepo.

M'mawa uliwonse akatha kupemphera ndi kusesa panja, ankakhala pakhonde ndi foni, magalasi ndi kope la ana a sukulu. Bwalolo linali la Chingerezi ndipo linali ndi malamulo ake. Dzina la munthu wamoyo sililembedwa poyera iye asanalole. Zimene wangomva usanene kuti ukuzidziwa. Ukanena kanthu, unenenso amene wakuuza. Malamulowa mayiwa ankawakonda, chifukwa ndi omwe ankalephera kuwaphunzitsa ana a Sitandade 6 kwa zaka makumi atatu.

Panali uthenga wina wa mu 2019, wolembedwa ndi Jacqueline Sumani wa ku Kadoma, ku Zimbabwe. Unali waufupi.

"Bambo anga anali Swadick Sumani. Anachoka ku Fort Johnston mu 1963 kudzagwira ntchito mu mgodi. Anamwalira chaka chatha. Za kwawo sankakamba. Ndikufuna abale awo."

Anthu anayesetsa. Wina wa ku Zomba anapita kukatsegula mabuku akale a boma, sanapeze kanthu, koma anabwera kudzanena. Wina analemba mabanja khumi ndi asanu ndi awiri a dzina la Sumani amene ankawadziwa, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Malombe, ndipo Jacqueline anawatsata onse mmodzimmodzi. Panabwera ndi wina wonena kuti ndi msuweni, koma atafunsidwa mafunso awiri anayamba kukamba za mavuto ake, oyang'anira bwalo n'kumuchotsa. Ndiye panali Harold, nkhalamba ya ku Bulawayo, mwana wa mtchona nayenso, amene Januwale aliyense ankalemba mzere umodzi pansi pa uthengawo: "Sindinapeze kanthu, mwananga, koma ndawerenganso." Mayi Jestina akafika pa mizere ya Harold ankachotsa kaye magalasi.

Mu Ogasiti 2023 Jacqueline anawonjezera mawu ena.

"Pali mwamuna akufuna kundikwatira. Akwawo abwera kawiri ndipo kawiri konse abwerera, chifukwa kulibe wa kwa bambo anga woti awalandire. Akufuna tete, mlongo wa bambo. Agogo a mwamunayu ati tete akapanda kuoneka pofika Disembala nkhaniyi ithe, sangatenge mkazi wosadziwika kumene anachokera. Ndili ndi zaka 33. Sindinapemphepo kanthu pano koma dzina. Tsopano ndikupempha kuti mufulumire."

Mayi Jestina anali asanayankhepo pa uthenga umenewu, poganiza kuti mabanja a Sumani onse anatha kufufuzidwa. Tsiku limenelo anawerenganso zonse kuyambira pamwamba, ndipo anaona chinthu chimodzi. Zaka zinayi zonsezi, aliyense ankafunsa za bambo: bambo a Swadick, agogo awo aamuna, dzina la banja. Ngakhale kabokosi kofufuzira pa bwalolo kankafuna dzina la bambo. Koma kuno ku nyanja mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo amene satha pamudzi ndi amayi.

Analemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. "Mwananga, za bambo a bambo ako zisiye kaye. Mayi awo anali ndani? Anali ndi mlongo? Funsa mayi ako, mwina anamvapo."

Yankho linabwera patapita masiku awiri. Mayi a Jacqueline anakumbukira kuti mwamuna wawo ali pa mphasa ya matenda ankatchula Asiyatu, mayi ake, ndi Mwanamvua, mlongo wake, amene anamusiya ali ndi pakati poyamba. Ankanenanso kuti ali mnyamata, akakhala m'bwato, ankayang'ana phiri ndi tchalitchi cha mishoni kuti adziwe doko la kwawo.

"Palibe anandifunsapo zimenezi," Jacqueline analemba. "Ndimaganiza kuti mayina a akazi sathandiza."

Phiri ndi tchalitchi m'mbali mwa nyanja, Mayi Jestina anaganiza za ku Nkope, kumene kuli mishoni. Lachiwiri anakwera minibasi ya ku Monkey Bay, anatsika pa msewu, n'kutenga kabaza. Amuna amene ankasoka maukonde pansi pa mtengo anangowapatsa moni n'kudutsa. Anapita pa mathandala pamene amayi ankatembenuza usipa, kenako ku chigayo, kenako pa mjigo.

"Mwanamvua? Aphunzitsi, kuno ukaponya mwala umagenda Mwanamvua," anatero mayi wina pa mjigo, anzake n'kuseka. "Mukufuna wamtali, wamfupi, kapena uja anathawa ndi dalaivala?"

"Wamkulu. Mayi ake anali Asiyatu."

"Eee, pamenepo mwalowa m'manda. Kafunseni akale."

Anapita katatu. Ulendo wachitatu, mayi wina wokalamba ku chigayo, ufa uli mbuu m'nsidze, anaika lichero pansi.

"Mwanamvua wa Asiyatu alipo. Timati Abiti Mkwanda. Amakhala kumpoto uko, kupitirira mzikiti wachiwiri."

"Abiti Mkwanda? Ine ndikufuna wa kwa Sumani."

"Mwafunsa wa Asiyatu, ndakupatsani wa Asiyatu. Zinazo kafunseni eni ake."

Anawapeza pakhonde akuluka mkeka wa mlaza, mayi wochepa thupi, wa duku loyera, wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi atatu. Mwana wawo Sumaiya, mayi wa zaka za m'ma fifite wochita geni ya nsomba, anatulutsa mpando ndi kapu ya madzi. Moni unatenga nthawi yake.

"Mwabwera ndi kope," Abiti Mkwanda anatero. "Ndinu a boma kapena a mabungwe?"

"Ayi, amayi. Ndine mphunzitsi wopuma."

"Opuma sayenda dzuwa lino."

"Ndatumidwa ndi mwana wa ku Zimbabwe. Bambo ake anali Swadick Sumani."

Zala za mayiwo zinaima pa mlaza.

"Anali?"

"Anamwalira zaka zisanu zapitazo."

Abiti Mkwanda ananong'ona mawu a Chiarabu amene Asilamu amanena akamva za imfa, Sumaiya n'kuwatsatira. Mayi Jestina anaweramitsa mutu mpaka atamaliza. Kenako anatsegula chithunzi chimene Jacqueline anatumiza, cha bambo wa imvi atavala jekete pakhomo la nyumba ya njerwa. Mayiwo anagwira foni ndi manja awiri, patali ndi nkhope, kwa nthawi yaitali.

"Makutu ndi omwewo," anatero, n'kubweza foni.

"Pepani, amayi, pali chimene sindikumvetsa. Inu ndinu Abiti Mkwanda, mwana wa a Mkwanda. Iwo bwanji anali Sumani?"

"Che Sumani anali mjomba wathu, mlongo wa amayi. Ndi amene anamuperekeza ku boma kukatenga chitupa cha ulendo. Kalaliki anafunsa kuti wamkulu wako ndani. Mnyamata akanatchula ndani? Bambo athu anali mkamwini chabe pano, komanso anali atakwatira kale kwina. Anatchula mjomba, kalaliki n'kulemba. Ndiye anthu anu a m'foniwo akhala akusaka ana a Che Sumani?"

"Zaka zinayi."

"Akanasaka mpaka Kiyama, tsiku la chiweruzo. Che Sumani sanabereke."

Sumaiya anaseka, koma mayi ake sanaseke. Mayi Jestina anafotokoza za ukwati, za banja la mwamuna limene labwerera kawiri, za Disembala. Atamaliza, Abiti Mkwanda anatenga mlaza wina n'kuung'amba pakati ndi chikhadabo.

"Aphunzitsi, ine ndi Swadick tinabadwa awiri okha. Mjomba atamwalira, mwini mbumba anali iyeyo. Kalata analemba imodzi, chaka choyamba. Ine ndabereka ana aakazi anayi. Aliyense pokwatiwa ndinkapita kukagogoda kwa aneba kukabwereka nkhoswe, ngati mmene timabwerekera mtondo. Mkulu wake wa Sumaiya uyu, banja litamuvuta, nkhoswe yobwereka inati si magazi anga, sindingalowerere kwambiri. Anapirira zaka zisanu ndi chimodzi. Zinazo sindinena." Anakoka mlaza mwamphamvu. "Lero mwana wa Swadick akufuna munthu womuimirira."

Anaika mlaza pansi n'kuyang'ana mlendoyo.

"Mwanayo mayi ake alipo?"

"Alipo."

"Mayiyo ali ndi alongo?"

"Akuti awiri."

"Ndiye ali ndi eni ake. Kwa ine akufuna chiyani, chithunzi cha pa ukwati? Ana a mwamuna si a mbumba yathu. Inu mukudziwa, ngakhale muli a kutchalitchi."

Mayi Jestina ankadziwadi. Ana awo omwe anawakwatitsa ndi achimwene awo a ku Malindi, ndipo a kuchimuna anangobwera kudzadya mpunga. Mumtima mwawo anavomereza kuti mayiwa akunena zoona.

Potsanzikana, Abiti Mkwanda anauza Sumaiya kuti akulunge usipa m'pepala, aperekeze mlendo mpaka pa msewu, ndipo asamukweze kabaza wopanda khushoni. Mlendoyo atatsika kale pakhonde, mayiwo anaitana osakweza mutu.

"Mukafunse kuti atamwalira anamusambitsa ndani."

M'mawa mwake Mayi Jestina anakhala ndi foni nthawi yaitali osalemba. Anaganiza zonena kuti mayiwo ndi okalamba, sangathe kuyenda. Linali bodza laling'ono ndipo likanapepuka kulandira. Anapemphera, kenako analemba kwa Jacqueline yekha zonse monga anazimvera: za chitupa, za kalata imodzi, za ana anayi, za kukana, ndi funso la amene anasambitsa bambo ake. Pa bwalo analemba mwachidule kuti mlongo wa Swadick wapezeka, ali moyo, dzina la Sumani linali la malume, koma pa za ukwati wakana, ndipo dzina lake salemba. Pofuna kutonthoza anawonjezera mzere wina. "Usataye mtima, mwananga. Uli ndi amalume awiri a kwa mayi ako. Eni nkhani ya ukwati ndi amenewo. Aimirire, zithe."

Anthu ambiri anayamikira. Wa ku Zomba uja analemba kuti ayambiranso mauthenga ena asanu ndi awiri ndi funso la amayi. Jacqueline anayankha mochedwa, mawu ochepa. Bambo ake anasambitsidwa ndi Amalawi anzawo a ku mzikiti wa ku Kadoma, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo. "Zikomo pondiuza zoona. Tete ali ndi ufulu wotida. Ndimuuza Raymond, mwamuna uja, kuti auze agogo ake asadikirenso."

Pansi pake panali Harold. Aka kanali koyamba kulemba zopitirira mzere umodzi.

"Mayi Kalilangwe, mwachita zimene ife tinalephera zaka zinayi, ndipo ndikuvulirani chipewa. Koma pa mzere wanu womaliza mundilole ndikuthandizeni, chifukwa ine ndinabadwira kuno. Kuno mwana ndi wa bambo. Pa tsiku la ukwati abale a mayi akhoza kukhalapo, koma alibe mawu. Mtsikana amatengedwa kwa a bambo ake, ndipo amene amamugwira dzanja, kumulangiza ndi kumumvera madandaulo m'banja ndi tete. Amalume a Jacqueline sangachite zimenezo, ngakhale atafuna. Iwo amati ndi mwana wa ku Malawi. Ena a ife timabwereka mayi wina wa ku bungwe la maliro la Amalawi kuti akhale tete tsiku limodzi. Mlongo wanga anakwatiwa choncho mu 1979, ndipo mpaka lero akuchimuna akakwiya amamukumbutsa. Ngati mayi a ku nyanjawo akana chifukwa cha mkwiyo, tiwalemekeze. Koma ngati akana poganiza kuti mwanayu ali ndi eni ake, chonde akauzidwe kuti alibe."

Mayi Jestina anawerenga kawiri. Anachita manyazi, a mphunzitsi amene walemba yankho lolakwika pa bolodi ana onse n'kukopera. Anali ataseka mumtima anthu a pa bwalo chifukwa chosaka bambo m'dziko la amayi, pamene iwo omwe anatumiza mwana kwa amalume m'dziko la abambo. Analembera Jacqueline kuti asanene kanthu kwa Raymond mpaka Loweruka. Kwa Harold anangolemba kuti, "Zikomo, abambo. Ndalakwitsa ndine. Ndibwererako."

Loweruka m'mawa anapeza Sumaiya akupakira usipa m'thumba la ku Limbe.

"Aphunzitsi, mwabweranso? Amayi sanadye bwino masiku atatu chifukwa cha nkhani yanuyi."

"Pepani. Ndabwera ndi yankho la funso lawo, ndi mawu ena ochepa. Akandithamangitsa ndipita."

"Ndani akuthamangitsa mlendo?" Mawu anachokera pakhonde. "Sumaiya, mpando."

Mayi Jestina anayamba ndi za kusambitsa ndi maliro. Abiti Mkwanda anagwedeza mutu.

"Alhamdulillah. Sanaikidwe ngati galu. Sikomo."

"Pali china, amayi. Tsiku lija munafunsa ngati mwanayo ali ndi amalume, ine n'kuti alipo, tonse n'kuganiza kuti ali ndi eni ake. Ndinalakwitsa. Pali bambo wina wamkulu kumeneko wandikonza."

Anawerenga uthenga wa Harold, akuumasulira mzere ndi mzere. Pa mawu oti abale a mayi alibe mawu, Abiti Mkwanda anakweza dzanja.

"Bwerezani."

Anabwereza.

"Mjomba akhale chete pa ukwati wa mwana wa mlongo wake?"

"Akuti ndi mmene zilili."

"Dziko lanji limenelo?" Sumaiya anatero. "Ndiye amabwera kudzatani, kudzasunga nsapato pakhomo?"

Mayi Jestina anapitiriza mpaka pa za tete wobwereka ndi mlongo wa Harold. Nkhuku inadutsa pa mkeka wosatha uja, palibe anaiingitsa.

"Kumeneko akuti ndi wa kuno," Abiti Mkwanda anatero pang'onopang'ono. "Kuno tikuti ndi wa kumeneko. Ndiye zaka zonsezi wakhala wa ndani?"

"Amayi, si mlandu wathu umenewo," anatero Sumaiya. "Bambo ake anasankha okha."

"Iwe pamene unalibe mjomba unali mlandu wa ndani? Wako?"

"Ayi, koma..."

"Tsiku la ukwati wako unalira kuseri kwa bafa. Unkaganiza kuti sindinaone. Mlamu wako anafunsa pagulu kuti nkhoswe iyi ndi yogula pa msika uti."

Sumaiya anayang'ana pansi, akumanga ndi kumasula chingwe cha thumba.

"Swadick ankadziwa zimenezi?" mayiwo anafunsa. "Kuti ana ake kumeneko adzafuna ife?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Ankadziwa. Anakhalako zaka makumi asanu. Anawamana ana anga, n'kuwamananso ake omwe. Chitsiru cha makutu akuluakulu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Bambo wakukonzaniyo ndi ndani? M'bale wa mwanayo?"

"Ayi. Sanaonanepo. Amangowerenga uthenga wake chaka ndi chaka."

"Osamudziwa?"

"Osamudziwa."

"Anthu a m'foni mwanuwa alibe ntchito," anatero, koma mofewa. "Mukamuuze kuti sikomo. Foniyo imatha kuonetsa nkhope ya munthu akulankhula, ngati ya Sumaiya?"

Netiweki pamudzipo inkagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. Sumaiya ananyamula mpando, Mayi Jestina n'kugwira mayiwo pa mkono pokwera. Asanaimbe, Abiti Mkwanda anatuma mwana wawo kukatenga duku lina, lobiriwira, la pa Idi, ndipo anamanga modekha, onse akudikira.

Jacqueline anayankha ali ku ntchito, m'sitolo ya mankhwala, atavala yunifolomu yoyera. Ataona nkhope ziwiri, imodzi yosaidziwa, anamvetsa. Chithunzi chinagwedezeka pamene ankathamangira panja. Anatsamiritsa foni pa chinthu china, anagwada pa simenti, n'kuyamba kuwomba m'manja mwa kwawo, misozi ikutsika.

"Muuzeni adzuke, adetsa zovala za ntchito," anatero Abiti Mkwanda. "Asendeze nkhope kuno."

Mayi Jestina anamasulira m'Chingerezi. Jacqueline anasendera. Mayiwo anayang'anitsitsa.

"Makutu anamusiyira. Kalanga mwanayu."

Sumaiya anaphulika kuseka. Mayi Jestina anazengereza, koma anamasulira, ndipo Jacqueline anaseka akulira, atagwira makutu ake onse awiri.

"Muuzeni izi, aphunzitsi, ndipo musazikongoletse. Bambo ake sindinawakhululukire. Zimenezo ndi za ine ndi iwo ndi Allah, ndipo zitenga nthawi. Koma iye sabwereka munthu ine ndili moyo. Dzina lija ndi chiyani, limene amatchula?"

"Tete."

"Tete. Ndine ameneyo. Auze agogo a mwamunayo kuti amene akumufuna alipo, ali ndi mudzi, ali ndi manda a amayi ake, ndipo akubwera."

Mayi Jestina anamasulira mawu ndi mawu. Jacqueline anaphimba nkhope. Kenako ananena mawu amodzi a Chichewa amene ankawadziwa, kangapo, "Zikomo, zikomo," ndipo anawonjezera zina m'Chingerezi.

"Akuti simuyenera kuvutika ndi ulendo. Akuti mwina akuchimuna angalole kuti mulankhule pa foni."

"Pa foni? Ndimugwire dzanja pa foni?"

"Amayi," Sumaiya analowerera, "mulibe pasipoti. Ku Mangochi boma kokha mumafika miyendo itatupa. Kumeneko ndi masiku awiri pa basi."

"Disembala ndi liti?"

"Miyezi itatu."

"Ndiye waimiranji? Iwe umapita ku Limbe sabata ndi sabata ndi nsomba zakufa, ulephere kunditenga ine wamoyo kukajambulitsa? Upitanso iwe. Ukaone m'bale wako, ukanyamule chikwama."

Sumaiya anaweramira pa foni n'kukweza dzanja kwa Jacqueline. Jacqueline anakwezanso lake.

"Tsopano mumufunse," Abiti Mkwanda anatero, akukhala bwino pa mpando. "Ntchito ya tete imayamba liti?"

Jacqueline anayankha kuti imayamba pomwe mtsikana wauza tete wake kuti pali mwamuna.

"Ndiye yayamba. Mwamunayo dzina lake?"

"Raymond."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amakonza magetsi."

"Amamwa?"

Mayi Jestina anamasulira. Jacqueline anazengereza, n'kunena kuti pang'ono, pa Khirisimasi.

"Onse amayamba ndi Khirisimasi. Akakwiya amatani? Amakweza mawu, amatuluka, kapena amakhala chete?"

Funso ili Jacqueline analiganizira nthawi yaitali. Anayankha kuti amatuluka n'kukakonza chinthu chosawonongeka.

"Hm. Mayi ake amawalankhula bwanji? Alongo ake ali nawo angati, ndipo amawayendera?"

Mayi Jestina anamva mkono ukulema chifukwa chokweza foni, ndipo Sumaiya anailandira mwakachetechete, n'kuima kumbali yotchinga dzuwa kuti mayi ake aone bwino. Mafunso anapitirira. Jacqueline anali atakhala pansi tsopano, miyendo atapinda, akuyankha lililonse mosamala. Munthu wina anamuitana m'sitolo, iye n'kukweza dzanja kuti adikire.

"Muuzeni asasangalale msanga," Abiti Mkwanda anatero pomaliza. "Ndavomera kukhala tete. Mwamunayo sindinamuvomere. Akuchimuna anabwerera kawiri chifukwa sankadziwa kwathu. Nafenso kwawo sitikukudziwa. Lamulungu masana, akatuluka ku tchalitchi chawoko, abwere naye pa foni, atavala bwino. Ndimuone kaye."